Ufulu wodzilamulira udamera m'munda

Chaka chilichonse maiko a m'chigawo chathu chino amakhala ndi tsiku lokumbukira kutha kwa ulamuliro wa atsamunda. Amalawi amakumbukira pa 6 Julayi, anzathu a ku Zambia pa 24 Okutobala, a ku Mozambique pa 25 Juni, ndipo a ku Zimbabwe pa 18 Epulo. Pa masiku amenewa mawailesi amatchula maina a atsogoleri, nyuzipepala zimasindikiza zithunzi za amuna ovala masuti ali pa zokambirana ku London kapena ku Lusaka, ndipo ana a sukulu amaloweza zaka. Zonsezi n'zoyenera. Koma pali funso limene silifunsidwa kawirikawiri. Kodi n'chiyani chidachititsa mayi wa kumudzi, amene sadapondepo m'kalasi ndipo nyumba ya malamulo ankangoimva, kugulitsa nkhuku yake kuti agule khadi la chipani, n'kuyenda mtunda wautali kukamvera msonkhano umene ukadatha kumulowetsa m'ndende?

Gawo lalikulu la yankho lili m'munda. M'maiko ambiri a mu Africa, mkwiyo umene udapatsa mphamvu zipani zomenyera ufulu udayambira pa nkhani za malo, ng'ombe, mitengo yogulira mbewu ndi malamulo a kalimidwe. Nkhaniyi ikutikhudza tonse owerenga tsamba lino, alimi ndi alangizi omwe, popeza ena mwa malamulo amene makolo athu adadana nawo kwambiri adali malangizo ofanana ndi amene timaphunzitsana lero.

Ufumu wotopa ndi nkhondo

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, dziko la Britain lidali lopambana koma lomira m'ngongole. Mu 1947 lidalola India ndi Pakistan kudzilamulira, ndipo anthu a mu Africa adaona kuti ufumu umene unkaoneka ngati thanthwe ukhoza kugumuka. Asilikali a gulu la King's African Rifles, amene adakamenya nkhondo mpaka ku Burma, adabwerako ataona ndi maso awo kuti mzungu naye amaopa, amatopa ndipo amafa monga munthu wina aliyense.

Komatu Angerezi sadaganize zochoka mu Africa msanga. Chimene ankafuna n'chakuti maiko amene ankawalamulira atulutse mbewu zambiri zothandiza kudzutsa chuma cha kwawo. Ku Tanganyika adayambitsa mu 1947 ntchito yaikulu yolima mtedza ndi mathirakitala, imene idameza ndalama zankhaninkhani n'kugwa pofika mu 1951, chifukwa nthaka ndi mvula ya ku Kongwa sizidafufuzidwe mokwanira. Pa nthawi yomweyo akatswiri awo adali ndi mantha aakulu ndi kukokoloka kwa nthaka, pokumbukira mmene mphepo ya fumbi idaonongera minda ya ku America m'zaka za m'ma 1930. Choncho boma limene kale linkafika m'mudzi kudzangotolera msonkho lidayamba kulowa m'munda mwenimweni, kulamula polima, kalimidwe kake ndi tsiku lobzala.

Malimidwe ku Nyasaland

Ku Nyasaland lamulo loteteza zachilengedwe lidakhazikitsidwa mu 1946, ndipo itadutsa njala yoopsa ya 1949, boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby lidalimbitsa dzanja. Mlimi adalamulidwa kuunga mizere yopingasa pa malo otsetsereka, kukumba migula, kusiya kulima m'mphepete mwa mitsinje, kumaliza kusosa ndi kubzala pofika tsiku loikika, ndiponso kuzula ziputu za fodya ndi thonje akatha kukolola. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende, ndipo nthawi zina mbewu zake zinkazulidwa iye akuona. Anthu adatcha zonsezi ndi dzina limodzi, malimidwe, ndipo dzinali lidasanduka lowawa m'kamwa.

Tinene chilungamo: ambiri mwa malamulowa adali ndi nzeru mkati mwake. Mzere wopingasa umagwiradi madzi, ndipo kuzula ziputu kumachepetsadi tizilombo ndi matenda a chaka chotsatira. Chidalakwika ndi kabweredwe kake. Migula inkakumbidwa m'chilimwe nthaka itauma gwaa, ndipo ntchito yochuluka inkagwera amayi popeza amuna ambiri adali ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya azungu ku Southern Rhodesia. Lamulo silinkasiyanitsa nthaka ya dera lino ndi ya dera lina. Ku chigwa cha Shire, kumene dzuwa limaswa mtengo ndipo nthaka ina ndi yamchenga, alimi ankadziwa kuti mbewu yobzala pa mzere imauma msanga kusiyana ndi yobzala pansi. Atakana, mkangano udakula mpaka anthu adautcha nkhondo ya mitumbira. Mlangizi, amene adayenera kukhala bwenzi la mlimi, adasanduka wotengera anthu ku bwalo la milandu, ndipo mfumu imene idayenera kuteteza anthu ake ndiyo inkagamula chindapusa.

Pamwamba pa zimenezi padali chilonda chakale cha thangata. M'maboma a Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, mabanja okhala pa minda ya azungu ankagwirira ntchito mwini munda monga malipiro a malo okhalapo, ndipo nkhanza zoterezi n'zina mwa zimene zidautsa Mbusa John Chilembwe mu Januwale 1915. Mlimi wopanikizika pa kamunda ka m'phiri ankauzidwa kuti akuononga nthaka, pamene kuseri kwa malire kudali malo achonde ongogonera.

Mu 1953 Britain idakhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ngakhale kuti mafumu ambiri ndi chipani cha Nyasaland African Congress, chimene chidabadwa mu 1944, adakana. Nkhani ya Chitaganya inkatambasulidwa ndi anthu ophunzira, koma mlimi adaimvetsa mwa njira yake: mphamvu zikapita kwa azungu a ku Salisbury, malo adzalandidwa monga adalandidwira kumeneko, ndipo malimidwe adzanyanya. Chaka chomwecho Inkosi ya Makosi Philip Gomani a ku Ntcheu adalangiza anthu awo kuti aleke kumvera malamulo a ulimi. Boma lidawachotsa pampando. Iwo adathawira ku Mozambique, Apwitikizi adawabweza, ndipo adamwalira mu 1954. Mu Ogasiti 1953 zipolowe zidabuka ku Thyolo n'kufalikira m'madera ena a kumwera, ndipo anthu oposa khumi adaphedwa.

Achinyamata a Congress monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza adazindikira kuti chipani cha aphunzitsi ndi makalaliki okha sichingagwedeze boma. Adapita nacho kumidzi, ndipo Mayi Rose Chibambo adasonkhanitsa amayi. Pamene Dr Hastings Kamuzu Banda ankatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, nkhuni zidali zitauma kale. M'misonkhano madandaulo awiri ankayendera limodzi, la Chitaganya ndi la malimidwe.

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adapatsa apolisi ndi asilikali mphamvu zomanga anthu popanda kuwazenga mlandu. Anthu oposa 1,300 adatsekeredwa, Dr Banda adatumizidwa ku ndende ya Gwelo, ndipo anthu oposa 50 adaphedwa, osachepera 20 mwa iwo pa doko la Nkhata Bay tsiku limodzi. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin lidapeza kuti pafupifupi munthu wakuda aliyense adali wotsutsa Chitaganya, lidatchula mkwiyo wa anthu pa malamulo a ulimi, ndipo lidati dzikolo lidasanduka, ngakhale kwa kanthawi, lolamulidwa ndi apolisi. Boma la ku London lidachita manyazi. Dr Banda adamasulidwa pa 1 Epulo 1960, ndipo mu Ogasiti 1961 chipani cha Malawi Congress Party chidapambana mipando 22 mwa mipando 28. Unduna umene Dr Banda adatenga udali wa zachilengedwe, womwe unkayang'aniranso ulimi, ndipo kumanga anthu chifukwa cha mizere kudalekeka. Thangata lidathetsedwa mwalamulo mu 1962, Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo mbendera ya Malawi idakwera pa 6 Julayi 1964.

Chilonda chomwechi m'maiko ena

Zimenezi sizidachitike ku Nyasaland kokha. Ku Gold Coast, imene lero ndi Ghana, matenda otupitsa nthambi adagwira mitengo ya koko, ndipo boma lidalamula kuti mitengo yodwala idulidwe. Njira ina yothetsera matendawa padalibe, koma alimi ankaona antchito a boma akugwetsa mitengo imene idali kuberekabe, pa nthawi imene koko adakwera mtengo. Mkwiyo wawo udakumana ndi wa asilikali opuma, ena mwa iwo ataomberedwa mu mzinda wa Accra mu Febuluwale 1948, ndipo Kwame Nkrumah adaumanga pamodzi mpaka Ghana idalandira ufulu pa 6 Malichi 1957.

Ku Tanganyika alimi a m'mapiri a Uluguru adakakamizidwa kukumba masitepe m'minda yawo. Kukumbako kudatulutsa dothi la pansi lopanda chonde, zokolola zidatsika, ndipo mu 1955 anthu adagalukira mpaka ntchitoyo idasiyidwa. Kufupi ndi nyanja ya Victoria, alimi a thonje otopa ndi kuberedwa pa sikelo adayamba kukhala ndi oyeza awoawo, kenaka adapanga makopaletivu motsogozedwa ndi Paul Bomani. Makopaletivu amenewa adakhala msana wa chipani cha TANU cha Julius Nyerere, chimene chidatenga ufulu pa 9 Disembala 1961.

Ku Northern Rhodesia ndi ku Southern Rhodesia, kumanga damu la Kariba kudasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 ku magombe onse awiri a Zambezi, ndipo mu 1958 apolisi a kumpoto adapha anthu 8 okana kusiya minda ndi manda a makolo awo. Kugalukira kwa 1961 kotchedwa Cha Cha Cha, kumene kudafulumizitsa ufulu wa Zambia pansi pa Kenneth Kaunda, kudakula kwambiri kumidzi ya kumpoto ndi ku Luapula, kumene anthu adatseka misewu ndi kutentha zitupa.

Ku Southern Rhodesia lamulo la 1930 lidapereka pafupifupi theka la dziko kwa azungu. Anthu akuda atathinana m'malo otsalawo, lamulo lina la 1951 lidawakakamiza kuchepetsa ng'ombe, kukumba migula ndi kulima malo oyezedwa okha, ndipo ambiri ogwira ntchito m'tauni adataya gawo lawo kumudzi. Mmodzi wa atsogoleri a nthawiyo, George Nyandoro, adanena kuti palibe amene adakokera anthu ku chipani chawo kuposa lamulo limeneli.

Ku Mozambique goli lidali lolemera koposa. Kuyambira mu 1938 Apwitikizi adalimbitsa lamulo lokakamiza mabanja kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo wolira, ndipo wolephera ankalawa mbalamatodya, thabwa lija lomenyera m'manja. Minda ya chakudya inkagonera, njala n'kulowa. Ena ankaphika njere za thonje asadabzale kuti zisamere, ena adathawira ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Kuphedwa kwa anthu pa Mueda pa 16 Juni 1960 kudatsimikizira ambiri kuti kudandaula ndi pakamwa sikudzaphula kanthu, ndipo mu 1962 chipani cha FRELIMO chidabadwa motsogozedwa ndi Eduardo Mondlane.

Chifukwa chiyani ena adakambirana, ena adakhetsa mwazi

Kumene azungu okhazikika adali ochepa, monga ku Ghana, Tanganyika ndi Nyasaland, boma la Britain lidawerengera mtengo wolamulira anthu osafuna kulamulidwa n'kuona kuti kuchoka n'kotchipa. Mu Febuluwale 1960 nduna yaikulu Harold Macmillan idauza aphungu a ku Cape Town kuti mphepo ya kusintha ikuomba mu Africa monse. Kumene azungu adagwira malo ambiri, zinthu zidavuta. Ian Smith adadula chingwe ndi Britain pa 11 Novembala 1965, ndipo Zimbabwe idabadwa mu 1980 itadutsa m'nkhondo ya m'tchire ndi zokambirana za ku Lancaster House za 1979. Dziko la Portugal, limene nalo lidali pansi pa ulamuliro wankhanza, lidakana kusiya maiko ake mpaka asilikali ake otopa ndi nkhondo adagwetsa boma ku Lisbon pa 25 Epulo 1974, ndipo Samora Machel adalengeza ufulu wa Mozambique mu 1975. Pa nkhondo ziwiri zonsezi, omenya ankadya nsima yophikidwa ndi amayi a kumidzi, ndipo akadapanda kudyetsedwa ndi kubisidwa sakadapita patali.

Walira mvula walira matope

Ufulu utafika, zinthu ziwiri zomvetsa chisoni zidaoneka. Choyamba, m'madera ambiri anthu adataya zabwino pamodzi ndi zoipa. Migula idagumulidwa kapena kungosiyidwa, kulima m'magombe a mitsinje kudayambiranso, ndipo kwa zaka zambiri mlangizi wotchula zoteteza nthaka ankaoneka ngati wadzutsa mzimu wa atsamunda. Chibalo chidachititsa kuti nzeru yabwino inunkhe.

Chachiwiri, maboma atsopano ena adaiwala chimene chidawakweza. Ku Tanzania, pakati pa 1973 ndi 1976, anthu mamiliyoni adasamutsidwira m'midzi ya ujamaa, ambiri mosafuna. Ku Mozambique midzi yolimira pamodzi imene boma la FRELIMO lidakhazikitsa idakwiyitsa alimi ochuluka, ndipo mkwiyowo udathandiza kukoleza nkhondo yapachiweniweni. Ku Malawi mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka mu 1990, pamene eni minda ikuluikulu ankalemera naye. Mbendera idasintha msanga, koma chizolowezi choganizira mlimi popanda kumufunsa chidatenga nthawi kuti chichoke.

Phunziro kwa alangizi

Lero palibe mlangizi amene amayenda ndi wapolisi. Komabe kukakamiza kuli ndi maonekedwe ena ofatsa. Tikamauza mudzi kuti wosakumba maenje okolola madzi sadzalembedwa m'kaundula wa thandizo, kapena tikamapempha a mfumu kuti alipitse nkhuku aliyense wosabwera ku ntchito ya pulojekiti, tikuyenda m'mapazi amene tikuwadziwa kale kumene amathera. Anthu adzakumba chifukwa cha thumba la chimanga, ndipo pulojekiti ikatha maenjewo adzakwiririka.

Pali chinthu china chotiphunzitsa kudzichepetsa. M'zaka za m'ma 1950 munthu ankamangidwa chifukwa chosaunga mizere. Masiku ano ambiri mwa ife timaphunzitsa ulimi wa mtayakhasu, wolangiza mlimi kuti asagalauze nthaka chaka ndi chaka koma aiphimbe ndi mapesi. Alimi a ku chigwa cha Shire amene ankakana mitumbira aja adali ndi mfundo, ndipo akadafunsidwa boma likadapewa nkhondo yosafunika. Nzeru za akatswiri zimasintha, choncho tisazigwire ngati lamulo la Mose.

Tisadabweretse njira yatsopano m'mudzi, tiyambe tadzifunsa mafunso amene atsamunda sadafunse. Kodi ntchitoyi adzagwira ndani, bambo kapena mayi amene ali kale ndi madzi, nkhuni ndi odwala pamutu pake? Idzagwa mwezi uti, wa njala pamene anthu ali ku ganyu, kapena atakolola? Kodi ikugwirizana ndi nthaka ndi mvula ya dera lino? Mapesi tikuti aphimbire nthakawo, ng'ombe zidzadya chiyani? Phindu lidzaoneka liti, ndipo lidzakhala la yani? Munda wachitsanzo wolimidwa ndi mlimi mnzawo, umene anthu angauyerekeze ndi maso awo nyengo ziwiri kapena zitatu, umakopa kuposa msonkhano uliwonse. Ndipo mlimi akakana, kukanako tikutenge ngati uthenga woti pali chimene sitidachione. Paja safunsa adadya phula.

Phunziro kwa alimi

Kwa inu alimi anzanga, mbiriyi ili ndi mbali ziwiri. Makolo athu sadapambane chifukwa chong'ung'udza aliyense m'khonde mwake. Adapambana atamanga madandaulo awo pamodzi m'mabungwe, m'makopaletivu, m'mipingo ndi m'magulu a amayi. Alimi a thonje a ku Tanganyika adayamba ndi kanthu kakang'ono, sikelo yachilungamo, ndipo mapeto ake adali ndi mawu m'boma. Mutu umodzi susenza denga. Vuto la venda wobera pa sikelo, la feteleza wofika mvula itapita kale, kapena la malo a mudzi ogulitsidwa mwachinsinsi, lili ndi njira yake: kalabu yolimba, kopaletivu yosunga bwino mabuku, komiti ya chitukuko ya m'mudzi imene anthu amapitako n'kulankhula, ndi voti.

Mbali inayo ndi yakuti ufulu wokana umabwera ndi udindo wosankha. Chigwembe chikamadya munda sichifunsa kuti akulamula ndani. Nthaka imene makolo adaimenyera ikupita ku mitsinje mvula iliyonse, ndipo palibenso mtsamunda woti timuloze chala. Amene adzabzale vetiva m'malire, kusiya mitengo ya msangu m'munda ndi kuteteza gombe la mtsinje ndi mwini munda, pochita kufuna yekha ataona phindu lake.

Tsiku la ufulu likamayandikira m'dziko lanu, pezani nthawi pa msonkhano wa kalabu kapena wa komiti, muitane agogo amene adaona malimidwe, thangata, kudulidwa kwa ng'ombe kapena thonje lokakamiza. Atsala ochepa, ndipo zimene akudziwa sizili m'mabuku a sukulu. Afunseni chimene chidawapweteka kwenikweni, ndiponso chimene akuona kuti chidali chabwino koma chidabwera moipa. Mlangizi akhalepo, amvetsere, ndipo alembe.